Chombo cha Mkamwini

Amuna anga si a kuno kuchigwa. Anatsika kuchokera kumtunda ndi thumba la zida za ukalipentala atalimangirira pakaliyala wa njinga, n'kudzandipeza ine ku Mnkhanya. Monga mwa mwambo wathu, anamanga nyumba pamudzi pa amayi anga, ndipo anakhalapo zaka zoposa khumi. Chitseko chilichonse pamudzipo anakhoma ndi iwo. Mabenchi a kutchalitchi, bedi la amalume, mpando wa amayi, ndiponso bokosi la maliro aliwonse amene anagwa m'banja mwathu, zonsezo zinatuluka m'manja mwawo popanda kulandira ngakhale nkhuku. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti mumudziwe munthu amene abale anga anadzamutcha mfiti.

Nkhani inayamba ndi buku. Amuna anga ankaitanidwa kawirikawiri kumaloji a m'mbali mwa Luangwa, kumene kumagona alendo odzaona nyama, kukakonza mipando ndi mashelefu odyedwa ndi chiswe. Tsiku lina anabwerako ndi buku lopanda chikuto, lofufuma ndi chinyezi, limene eni ake ankafuna kulitaya. Munali zithunzi za zombo zamakedzana, za nthawi imene kunalibe injini, zoyenda ndi mphepo basi: milongoti itatu, matanga osanjikizana, zingwe zosawerengeka. Kumapeto kwa bukulo kunali mizere ndi miyeso yolongosola mmene munthu angapangire kachombo kakang'ono kofanana ndendende ndi chenichenicho. Ndiye tangoganizani: munthu woti nyanja sanaionepo chibadwire, woti akakwera bwato amagwira m'mphepete ndi manja onse awiri uku milomo ikupemphera, anakopeka ndi zombo mpaka kuiwala kuti tiyi akuzizira.

Ndinawaseka. Ndinati, "Bambo, akazi anzanga akulimbana ndi mitala, ine ndizilimbana ndi buku?"

Sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Taonani zingwezi, mayi. Palibe chimene anangochimanga chabe. Chilichonse chili ndi ntchito yake."

Ankagwira ntchito yopanga chombo chawochawo Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, pakhonde, magalasi ali pamphuno. Anayamba ndi nthiti za chombocho, zimene anazisema pa zidutswa za mlombwa zotsala pokhoma zitseko. Kenako anacheka timatabwa topyapyala ngati chikhadabo, n'kumativiika m'madzi otentha kuti tipindike osathyoka. Ketulo yanga inavutika. Misomali yake inali timitengo ta nsungwi tosongola ndi lumo. Nangula anamupinda ndi sipoko ya njinga. Timawilo toyendamo zingwe tinali tating'ono ngati njere za mapira, ndipo kalikonse ankakaboola ndi singano yotenthetsa pamoto. Kamodzi nkhuku inajompha titatu n'kumeza, moti tsiku limenelo ndinamva amuna anga akutukwana koyamba chikwatirane. Ulusi wa zingwe ankaupaka phula la njuchi kuti usachite manyunyu. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha, chombo chikukula pang'onopang'ono mpaka chinatalika ngati mkono wawo wonse.

Anthu ankaima n'kumayang'ana. Tsiku lina amalume, mlongo wawo wa amayi amene ndiye mwini mbumba kwathu, anakhala pamtondo n'kuyamba kufunsa.

"Mwaswera bwanji, akamwini? Ichi ndiye mukagulitsa kwa azungu?"

"Iyayi, si chogulitsa."

"Manje n'cha ana?"

"Ana asachikhudze n'komwe."

"Nanga n'chachiyani?"

"N'choyang'ana chabe."

Amalume anaseka ndi mano okha. Ine ndinali pambali ndikusenda nthochi, ndipo ndinalimva yankho lija mmene linagwera m'makutu mwawo. Kwathu chinthu chimadyedwa, chimagulitsidwa, chimalimira, kapena ana amaseweretsa. Munthu wamkulu wandevu zake akatha zaka ziwiri pa chinthu chopanda ntchito, anthu amachipezera okha ntchito. Amuna anga anawonjezanso nkhuni pamoto osadziwa. Poopa fumbi, nkhuku ndi mavu omanga zisa, ankachisunga kuchipinda kwathu atachifunda chitenje. Ndiponso tsiku lina, chisanakhale ndi milongoti, anapita nacho padooko pomwe asodzi amakocheza mabwato, kukaona ngati chingayandame chosapendekeka. Chinayandama bwinobwino, ndipo amayi otunga madzi anaona.

Panali munthu mmodzi yekha amene ankachikonda chombocho monga mwini wake: mlongo wanga, wondipondana pamutu, msodzi. Ankabwera Lamlungu lililonse kudzanjuta pakhonde n'kumatsutsa zonse. "Alamu, ichi mphepo ya Okutobala ikachipeza chikagona chagada. Mitengo yonseyi pamwamba, pansi palibe kanthu!" Amuna anga ankatsegula buku n'kumamusonyeza miyala imene ankaika m'mimba mwa chombo kuti chilemere pansi. Ankakangana mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kugawana chinangwa.

Chinatsala ndi matanga. Amuna anga ankafuna nsalu yoyera yopyapyala, ndipo ankati adzagula akadzapita ku Mambwe. Mwezi unatha asanapiteko. Ine ndi mtima wanga wapachala sindinathe kudikira. Mlongo wanga anali atandibweretsera malaya ake oyera a timizere tabuluu, amene ankaimba nawo kwaya, kuti ndimusokere. Kolala inali itatheratu ndipo kumsana kunali kong'ambika kuyambira paphewa. Ndinamuuza kuti malayawa afa. Iye anati, "Ndiye pukutirani mbale, achemwali." Sindinapukutire mbale. Amuna anga atapita kuntchito ndinatenga buku lija, ndinayeza, ndinadula, n'kupinda m'mphepete mwa thanga lililonse ndi msoko umene anandiphunzitsa amayi: kubaya katatu kutsogolo, kubwerera kamodzi, n'kumanga kamfundo. Pamudzi ponse osoka motero tinali awiri, amayi ndi ine.

Amuna anga atawaona matangawo anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. Lamlungu lotsatira mlongo wanga anafika, anayang'ana, n'kugwa nako kuseka. "Malaya anga apita kunyanja mwini wake ndisanapiteko!" Pakhondepo tinalipo atatu okha. Mpaka lero ndimadandaula kuti panalibe wina wachinayi woti amve kuseka kumeneko.

Mvula itatha, madzi akuyamba kuphwera, mlongo wanga anapita m'mawa kukawonjola ukonde padooko lomwe lija. Ng'ona inamugwira ali m'madzi ofika m'chiuno. Anzake anakuwa, anaponya miyala, koma inapita naye. Patapita masiku awiri tinapeza zimene tinapezazo. Bokosi anakhoma ndi amuna anga, ndipo ndinawaona akupala thabwa misozi ikudonthera pamtengo. Padooko limenelo ng'ona zakhala zikugwira anthu ine ndisanabadwe. Inagwirapo mbuzi, agalu, ngakhale mwana wa mvuu. Koma ikagwira munthu wa m'banja mwanu, kwathu amati ng'ona siyenda yokha, imachita kutumidwa.

Sabata ziwiri chiikireni maliro, amalume anabwera ndi sing'anga wochokera kutali, atamukweza panjinga yamoto. Unali usana, dzuwa lili paliwombo. Munthuyo anali ndi galasi loonera nkhope, wezulo ndi mchira wa nyama, ndipo foni yake inkangolira m'thumba mpaka anaizimitsa pakati pa nyimbo ya mizimu. Anatisonkhanitsa tonse pansi pa mtengo wa mango wa amayi. Anazungulira nyumba ziwiri mongochotsa mwambo, akununkhiza m'mwamba, kenako analunjika kwathu. Sanaime pabalaza. Analowa kuchipinda, kumene sanalowepo chibadwire, n'kutuluka atanyamula chombo, chitenje chikukwekwereka pansi. Ati mizimu inamulondolera! Mizimu yake ndi imene inamulipirira petulo.

Atangochiika pansi, mlamu wanga wamasiyeyo, mkazi wa mlongo wanga uja, anakuwa. "Malaya a amuna anga! Mayo ine, malaya a amuna anga!" Timizere tabuluu tija tinali poyera, pa thanga lililonse.

Sing'anga anapeza podyera. Anati ili ndi bwato loyenda pansi pa madzi. Anati nangula uja ndi mbedza yokokera ng'ona, ndipo chingwe chilichonse chamanga munthu mmodzi wa pamudzipo. Anayamba kuwerenga timawilo tija ndi nsonga ya mchira wake, akuti amenewa ndi maliro amene akubwera. Timawilo tomwe nkhuku yanga inameza titatu osafa! Amayi ena anayamba kulira, ena kukoka ana awo kuwabisa kumbuyo. Wina anakumbutsa za tsiku lija padooko. Wina anati n'chifukwa chake mabokosi a maliro ankakhoma ulere, ankadziwa chimene ankapindula. Amene ananena zimenezi anali atakhala pampando wopangidwa ndi munthu yemweyo.

Amalume anakweza dzanja kuti anthu akhale chete. Anafunsa funso limodzi. "Anadula malayawa ndani?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira, ndinatsegula. Koma ndinali nditaonapo zimene zimachitikira mkazi amene amutchula kuti wadya mlongo wake. Sathamangitsidwa, chifukwa mudzi ndi wake, alibe kwina kopita. Amakhala pomwepo, pachitsime anthu akumupatuka, mphika wake pamaliro wosakhudzidwa, ana ake osakwatiwa, mpaka tsiku lina nyumba yake imapsa. Zonsezi zinadutsa m'mutu mwanga, ndipo ndinatsekanso pakamwa.

"Ndine," anatero amuna anga.

"Anasoka ndani?"

"Ndine ndemwe."

Munthu woti batani la malaya ake likathothoka amayenda nalo m'thumba sabata yathunthu kudikira ine! Sanandiyang'ane. Anayang'ana amalume m'maso, manja ali kumbuyo, ngati akuyankha za mtengo wa chitseko. Amayi anga anadzuka pamphasa, anayandikira chombo, anagwira thanga limodzi n'kulitembenuza kuona kuseri kwake. Analiyang'ana nthawi ndithu. Kenako analisiya, anabwerera pamphasa paja n'kufunda chitenje kumutu. Ine ndinakhalabe chete. Palibe amene ananditseka pakamwa, ndinakhala chete ndekha.

Amalume analamula amuna anga kuti achiyatse okha. Anaunjika mapesi, anaika chombo pamwamba, buku lija pambali pake, n'kuwapatsa machesi. Vanishi ndi phula sizichedwa kugwira moto. Matanga anapita kaye, zingwe zinaduka chimodzichimodzi, milongoti inagwera mkati. Ntchito ya zaka ziwiri inatha madzi a tiyi asanawire. Sing'anga anaimba wezulo, anthu anaombera m'manja, ndipo amalume anayang'ana wotchi ya pafoni yawo.

"Ikamakwana sikisitini awazi madzulo ano, asapezeke pano. Mkazi ndi ana ndi athu, atsale."

Sindinatsale. Ndicho chinthu chimodzi chokha chimene ndinachita bwino tsiku limenelo. Ndinamanga mitolo, ndinabereka wamng'ono, akuluwo ananyamula mapoto, tinatsatira njinga ya bambo awo. Azakhali anandikuwira kuti andidyetsa mankhwala, ndikapita ndikafera komweko. Ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano. Kulimba mtima kunabwera nthawi itatha kale, ngati mvula yogwa chimanga chitauma.

Tinakakhala ku Mambwe, m'nyumba yalendi kuseri kwa msika. Ndinawakakamiza amuna anga kuti tipite kupolisi, poti kutchula munthu ufiti ndi mlandu. Anakana. Anati, "Ndikamangitse apongozi anga? Ana awa adzapita kuti pa maliro?" Ndinakwiya nawonso chifukwa cha kufatsa kwawoko. Ndinkafuna akalipe, aswe mbale, andifunse chifukwa chimene ndinakhalira chete. Sanafunsepo ngakhale tsiku limodzi. Anabwerera ku zitseko ndi mafelemu a mawindo. Lamlungu tikaweruka amakhala pakhonde, manja ali pamaondo, kumayang'ana njinga zikudutsa. Chaka china ndinagula mamita awiri a nsalu yoyera yopyapyala n'kuwaikira patebulo. Anaisisita ndi chala n'kunena kuti, "Yabwino. Asokereni ana malaya a kusukulu." Sindinasoke. Ndinaiika m'sutikesi.

Zinandidya zaka zisanu ndi chimodzi. Kumudzi sindinapondeko, mpaka chaka chatha pamene uthenga unabwera kuti amayi adwala kwambiri. Ndinapalasa njinga ndekha. Ndinawapeza atagona pakhonde, ataonda, maso okha ndi amene anali akale. Chitseko chawo chinali chitalendewera pa hinjesi imodzi. Titapatsana moni, nditawamwetsa phala, ndinaona kuti ndikapanda kunena lero adzapita osadziwa, ndipo amuna anga adzakhala mfiti mpaka kumanda. Ndinagwada pafupi.

"Amama, pali chimene ndakhala ndikubisa. Malaya aja sanadule ndi bambo a ana. Ndinadula ndine, ndinasoka ndine. Mwini wake anachita kundipatsa, ndipo ataona anaseka."

Ndinkayembekeza kuti alira, kapena andimenya ndi ndodo yawo. Anangondiyang'ana ngati ndawauza kuti Luangwa ali ndi madzi.

"Manje iwe unkayesa sindidziwa msoko wanga? Katatu kutsogolo, kamodzi kumbuyo. Ndinauona tsiku lomwelo."

"Munadziwa?"

"Tonse tinadziwa. Amalume ako, mlamu wako, azakhali ako. Mwamuna amasoka choncho?"

"Nanga munakhaliranji chete? Munthu wosalakwa munamuyatsitsa moto ana ake akuona!"

"Usandikalipire, ndine mayi wako. Maliro aja ankafuna munthu. Pakanapanda kupezeka wina, mudzi ukanapasuka. Ndinali nditataya kale mwana mmodzi, ndikanapereka wachiwiri? Mkamwini ali ndi kwawo."

Mkamwini ali ndi kwawo! Zaka zoposa khumi akukhoma zitseko zawo, akulima munda wawo, akunyamula maliro awo, ndipo nthawi yonseyi anali mbuzi yosungira mlandu. Sanalakwitse ayi. Sanapusitsidwe ndi sing'anga wa foni uja. Anakhala pansi, anayang'ana anthu amene analipo, n'kusankha wotsika mtengo. Ndipo ine, amene ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndikudzitemberera kuti ndinanamiza mudzi wonse, sindinanamize aliyense. Ndinangowathandiza.

Ndinadzuka kuti ndizipita. Amayi anandigwira chitenje.

"Ukawauze apongozi angawo kuti ine masiku anga atha. Akalipentala a masiku ano amakhoma mabokosi a mapulanga opyapyala, otseguka m'njira. Ine ndifuna la mlombwa, la manja awo."

Sindikumbuka mmene ndinapalasira ulendo wobwerera. Ndikumbuka kuti ndinafika fumbi lili mpaka m'mano, n'kuwapeza amuna anga akusesa utuchi. Ndinawauza zonse ndili chiimire, mawu akuthamangitsana. Anamvetsera atatsamira tsache.

"Ndinawaona akutembenuza thanga lija," anatero. "Ndinadziwa kuti adziwa."

"Ndiye inunso munadziwa! Aliyense ankadziwa kupatula ine chitsiru!"

Anazungulira kuseri kwa nyumba, ine ndikuwatsata. Kumeneko kunali matabwa asanu ndi limodzi a mlombwa, abwino kwambiri amene anawapezapo, owuma, ofiira, opanda mfundo. Anayamba kuwatembenuza limodzilimodzi, n'kutulutsa tepi m'thumba.

"Kodi apongozi akadali aatali momwe muja, kapena apindika?"

Ndinawalanda tepiyo. Chikwatirane sindinawalandepo chida m'manja, koma tsiku limenelo ndinalanda. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula sutikesi, ndinatenga nsalu yoyera ija n'kudzaiponya pamwamba pa matabwawo.

"Matabwa awa sapita ku Mnkhanya. Mupange nawo chombo. Ndidzasoka matanga pabwalo, masana, msika wonse ukuona. Mukakana, awadye chiswe."

"Buku linapsa, mayi."

"Mutu wanu sunapse."

Anatola nsaluyo, anaikung'untha utuchi, anaipinda bwinobwino n'kundibwezera. Kenako anapita kukamaliza kusesa.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Amayi akadali moyo, ndipo mwezi uliwonse amatumiza uthenga wofunsa ngati apongozi ayamba. Tepi ili kwa ine, pansi pa nsalu m'sutikesi, ndipo amuna anga anagula ina koma matabwa aja sanawayeze. Chombo sanayambe, bokosi sanayambe. Lamlungu lapitali ndinapita kuseri kukayanika zovala, ndipo ndinaona kanjira ka dothi kakukwera pa thabwa lapansi. Chiswe chafika. Ndinawaitana kuti adzaone. Tinaima pamenepo awiri, aliyense akudikira kuti mnzake ndiye awerame kukachisasa. Palibe anawerama.